Kukhalitsa pantchito imodzi kapena kusinthasintha: mafunso ndi mayankho kwa apantchito a ku Zomba

Nkhani yosiya ntchito siisowa paliponse pamene apantchito akumana. Ku Zomba kuno imakula kwambiri, chifukwa tauni yathu ndi ya maofesi akalekale omwe anthu amalowa ali anyamata n'kudzatulukamo imvi zili mbuu, komanso ndi komwe yunivesite imatulutsa achinyamata chaka ndi chaka amene safuna kumva zokhala pa desiki imodzi zaka 30. M'munsimu muli mafunso amene amabwerabwera pankhaniyi. Za malamulo zachokera mu Employment Act ya 2000 ndi zomwe zinasinthidwamo pambuyo pake, komanso m'lamulo la penshoni. Zinazo ndi maganizo anga, ndipo muona nokha pomwe ndikulankhula ndine. Dziwaninso kuti asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende, omwe kuno ndi ambiri, ali ndi malamulo awoawo; Employment Act siwakhudza.

Chabwino n'chiti, kukhalitsa pamalo amodzi kapena kusinthasintha?

Zaka pazokha si chuma. Chaka chilichonse chimene mwapereka kwa olemba ntchito chiyenera kukusiyirani kanthu koti mudzanyamuke nako tsiku lotuluka pageti: luso latsopano, pepala, udindo wokwererapo, penshoni yomwe ikulowadi m'dzina lanu, kapena anthu odalirika oti adzakuchitireni umboni. Zimenezi zikamawonjezereka khalani, ngakhale anzanu azikusekani kuti mwamera mizu. Koma ngati zaka zitatu kapena zinayi zadutsa ndipo chowonjezereka n'kutopa kokha, yambani kuyang'ana kwina, mwakachetechete, muli pantchito pomwepo.

Anthu amene ine ndimawamvera chisoni ndi awiri. Wina sanasankhe kukhala, anangozolowera basi, mpaka kalata yopumira pantchito inamupeza ali pa mpando umene anayambira. Winayo amathamangira malipiro alionse okwererako, osakhala pansi kuwerengera kuti kusamukako kumudyera zingati.

Nanga makolo athu bwanji ankagwira malo amodzi mpaka kupuma, osadandaula?

Ankadandaula, kungoti masamu a nthawi yawo ankawauza kuti akhale. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba ya malamulo inatsalira kuno mpaka 1994. Ntchito yeniyeni inali ya boma. Inkabwera ndi nyumba, ulemu kumudzi, ndi penshoni imene munthu ankaipeza pokhapokha akakwanitsa zaka zake. Kuchoka pakati kunali kutaya zambiri. M'makampani namo penshoni siinali yokakamiza, inkadalira mtima wa eni kampani.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 makampani ambiri a boma anagulitsidwa, ndipo anthu omwe ankadziona okhazikika analandira kalata zowachotsa ntchito popanda chomwe alakwa. Mu 2011 penshoni inakhala ya lamulo komanso yotsata mwini wake kulikonse kumene wapita. Ndiye pali nkhani ya kwacha, yomwe inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene malipiro ake ankangokwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka anapezeka kuti pa pepala akulandira zambiri kuposa kale, koma ku msika akubwerako ndi jumbo yopepuka. Kukhulupirika kwa makolo athu kunali ndi mphotho yooneka. Lero mphothoyo muyenera kuifufuza nokha ngati ilipo kuntchito kwanuko.

Ndikasiya ntchito, penshoni yanga imapita kuti?

Siipita kulikonse, ndi yanu. Lamulo la penshoni lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011, n'kulowedwa m'malo ndi la 2023, limati wogwira ntchito azidulidwa 5 peresenti ya malipiro ake, olemba ntchito n'kuwonjezerapo 10 peresenti. Izi ndi zochepetsetsa, ena amapereka zoposa pamenepa. Ngati mumalandira K400,000, ndiye kuti K20,000 yanu ndi K40,000 ya abwana, yonse pamodzi K60,000, iyenera kulowa m'dzina lanu mwezi ndi mwezi ku kampani yosunga penshoni monga Old Mutual kapena NICO. Mukapeza ntchito ina, ndalamazo mutha kuzisamutsira ku thumba la kuntchito kwatsopanoko. Choncho kwa wogwira ntchito m'kampani kapena m'bungwe, mawu oti "ndikupirira chifukwa cha penshoni" alibenso mphamvu ngati kale.

Msampha uli pena. Payslip ikhoza kuonetsa bwinobwino mzere wa penshoni, K20,000 yadulidwa, koma ndalamayo osafika komwe ikuyenera kupita. Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira za penshoni, yakhala ikudandaula za olemba ntchito amene amadula koma osatumiza. Munthu amadzadziwa izi tsiku lopuma pantchito, kampani itayamba kale kupuma movutikira. Pemphani sitetimenti yanu kwa osunga penshoni kamodzi pachaka, muifanizire ndi ma payslip anu. Mukapeza kuti miyezi yambiri ili yopanda kanthu, limenelo ndi limodzi mwa mayankho a funso lanu loti mukhale kapena muchoke. Zaka khumi pamalo otere si zaka khumi.

Kusinthasintha nako kuli ndi chiyeso chake. Munthu akakhala osapeza ntchito ina kwa kanthawi, lamulo limamulola kutapako gawo lina la penshoni yake, ndipo lamulo la 2023 linachepetsa nthawi yodikirayo kuchoka pa miyezi 6 kufika pa miyezi 3. Kwa amene lendi yamukwana pakhosi, ichi n'chipulumutso. Koma amene amatapa nthawi iliyonse akasintha ntchito amadzafika zaka 55 atagwira malo asanu, m'thumba mwake muli ndalama ya malo omaliza okha.

Ndiye mwalamulo kukhalitsa kumandipatsa chiyani?

Chachikulu ndi severance, ndalama imene olemba ntchito amapereka akakuchotsani chifukwa choti ntchito yatha, kampani ikuchepetsa anthu, chuma chavuta, kapena akakuchotsani mopanda chilungamo. Kawerengedwe kake kamakomera wokhalitsa. Pa zaka 5 zoyambirira mumalandira malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chomwe mwamaliza. Kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10 ndi masabata atatu pa chaka. Kuyambira chaka cha 11 kupita m'tsogolo ndi masabata anayi.

Tinene kuti malipiro anu a sabata imodzi ndi K100,000 ndipo mwagwira zaka 12. Zaka 5 zoyamba zikupatsani masabata 10, zaka 5 zotsatira masabata 15, zaka ziwiri zomalizazo masabata 8. Onse pamodzi ndi masabata 33, kapena kuti K3,300,000. Mnzanu amene wagwiranso zaka 12 koma pa malo anayi, zaka zitatuzitatu, akachotsedwa pamalo omalizawo alandira masabata 6 okha, K600,000. Nthawi iliyonse mukasintha, kuwerenga kumayambiranso pa ziro.

Chipukutamisozi chimene khothi la zantchito, Industrial Relations Court, limagamula munthu akachotsedwa mopanda chilungamo chimayenderanso zaka: chochepetsetsa ndi malipiro a sabata imodzi pa chaka kwa amene sanapitirire zaka 5, ndipo chimakwera mpaka malipiro a mwezi wathunthu pa chaka kwa amene wapitirira zaka 15. Tchuthi cha matenda nacho, chomwe ndi masabata 4 a malipiro onse ndi masabata 8 a theka pa chaka, lamulo limakupatsani mukakwanitsa miyezi 12 pamalopo.

Koma onani bwino. Zonsezi ndi chitetezo cha tsiku loipa, si ndalama yomwe mukusunga kubanki.

Nanga ndikasiya ndekha, severance ndilandira?

Ayi. Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwira. Munthu wagwira zaka 14, walemba kalata yosiya ntchito akuyembekezera cheke chonona, n'kungopatsidwa malipiro a masiku omwe wagwira ndi a masiku a tchuthi omwe sanapume. Wopuma pantchito chifukwa cha zaka nayenso salandira severance, chake ndi penshoni. Pokhapo pamene mwasiya chifukwa khalidwe la olemba ntchito lafika poti munthu wanzeru zake sangapitirize, lamulo limaona ngati akuchotsani iwowo, koma zimenezo muyenera kukazitsimikizira ndi umboni.

Ndiye ngati mphekesera zochepetsa anthu zayamba kumveka m'makhonde ndipo inu muli ndi zaka zambiri, musathamangire kulemba kalata.

Kodi n'zoona kuti malipiro amakwera msanga ukamasintha ntchito?

Nthawi zambiri n'zoona, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Amene muli naye kale amakuwonjezerani potengera zomwe munkalandira chaka chatha. Amene akukufunani kumene amayenera kukupatsani zoti zikuzuleni pomwe muli. M'zaka zomwe mitengo ya zinthu ikukwera ndi 20 peresenti kapena kuposa, ngati momwe zakhalira kuyambira 2022, kusiyana kumeneku kumakula msanga. Si zachilendo kupeza wobwera kumene akulandira zoposa za amene akumuphunzitsa ntchito.

Koma ku Zomba funsoli lili ndi mchira. Malo olemba anthu ntchito yapamwezi kuno ngowerengeka: University of Malawi ku Chirunga, MANEB, National Statistical Office, Government Print, National Archives, zipatala ziwiri zikuluzikulu, makhonsolo, Domasi College of Education ndi Malawi Institute of Education uko ku Domasi, masukulu, nthambi za mabanki, malo ogona alendo ndi mabungwe angapo. Mafakitale ndi malikulu a makampani ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mnzanu wa ku Blantyre akhoza kusintha ntchito katatu ana ake osasintha sukulu. Inu mukasintha ntchito, kawirikawiri mwasinthanso tauni.

Choncho tengani pepala ndi cholembera. Tinene kuti kuno mukulandira K450,000 ndipo ku Lilongwe akulonjezani K600,000. Pa K150,000 yowonjezerayo msonkho utengapo kotala kapena kuposa, penshoni itengapo yake. Zotsalazo zifanizeni ndi lendi ya kumeneko pamodzi ndi miyezi yolipiriratu imene eni nyumba amafuna, minibasi ziwiri kupita ziwiri kubwera pamene ku Chinamwali kapena ku Matawale munkakwera imodzi kapena kungoyenda pansi, fizi ya sukulu yatsopano ndi mayunifolomu, lole yonyamula katundu. Muwerengerenso zomwe sizilembedwa pa payslip: kamunda ka ku Jali kapena ku Thondwe komwe mumapezako chimanga cha chaka chonse, ntchito kapena bizinesi ya akunyumba kwanu, ndi alamu anu omwe amakutengerani mwana kusukulu. Ambiri akawerengera chonchi amapeza kuti K150,000 ija yatha asanafike pa Liwonde. Ena amapeza kuti ngakhale zili choncho ntchito yatsopanoyo ikutsegula khomo lomwe kuno kulibe, ndipo amenewo ndimawauza kuti pitani.

Bwanji ndizigwira ntchito ku Blantyre koma ndizigona ku Zomba?

Alipo amene amatero. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 70, ndipo mukafika pa depoti m'mamawa kusanayere muwapeza, jekete kumutu chifukwa cha chisanu chotsika m'phiri, akudikira kuti minibasi idzaze. Kwa mwezi umodzi kapena iwiri, pofufuza nyumba, n'zotheka. Kwa zaka ndi nkhani ina. Thiransipoti imakwera nthawi iliyonse mafuta akakwera, mafuta akasowa mumafika mochedwa muli pa probation (nthawi yoyesedwa pantchito yatsopano), ndipo ana mumangowaona ali m'tulo. Omwe zimawayendera bwino ndi amene amapeza kachipinda ku Limbe n'kumabwera Lachisanu, koma pamenepo ndiye kuti nyumba zakhala ziwiri pa malipiro amodzi.

Ndili m'boma, malipiro ndi ochepa. Bungwe lina likundifuna pa pulojekiti ya zaka ziwiri, ndalama yake kuwirikiza katatu. Ndipite?

Funso ili ndi limene limasowetsa anthu tulo kuno, makamaka anamwino, madokotala, owerengera ndalama ndi aphunzitsi. Yambani ndi kudziwa ndondomeko ya penshoni imene mulipo. Amene analowa m'boma kale ambiri ali pa ndondomeko yakale, yomwe imawerengera zaka zimene mwagwira ndi malipiro anu omaliza. Achinyamata ali pa yosonkha mwezi ndi mwezi. Ngati muli pa yakale ndipo mwatsala pang'ono kukwanitsa zaka zoti mutha kupuma mwakufuna kwanu, kusiya lero kukhoza kukutayitsani zambiri kuposa zomwe pulojekitiyo ikupatseni. Pitani kwa a HR, ofesi yoona za ogwira ntchito, akuwerengereni, ndipo zikhale zolembedwa. Funsaninso ngati malamulo a kuntchito kwanu amalola tchuthi chosalipidwa kapena kubwerekedwa ku bungwe lina, chifukwa njira imeneyo imakusiyirani pobwerera.

Kenako yang'anani pulojekitiyo m'maso. Ndalama yake ikuchokera kuti, ndipo yatsala ya miyezi ingati? Kontirakiti ya zaka ziwiri kawirikawiri imakhala ndi kamzere koti ipitirira pokhapokha ndalama zikakhalapo. Mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja, anthu ambiri ogwira ntchito m'mapulojekiti a zaumoyo m'dziko muno anauzidwa kuti akhale kunyumba, makontirakiti awo asanathe. Ena mwa iwo anali atasiya ntchito za boma.

Sindikunena kuti musapite. Wa zaka 28 wopanda ngongole, yemwe pulojekitiyo imuphunzitsa zomwe ku ofesi kwake sangazione, ine ndingamuuze kuti apite, koma azikhala moyo wa malipiro akale aja n'kumasunga zinazo, chifukwa pakati pa pulojekiti ina ndi inzake pamatha kudutsa chaka. Chimene chimagwetsa anthu si kutha kwa kontirakiti, aliyense amadziwa kuti idzatha. Ndi galimoto yangongole ndi nyumba ya ku Kalimbuka zomwe zinatengedwa ngati kuti kontirakitiyo ndi ya muyaya.

Kumbukiraninso kuti m'boma munthu amatha kusintha osachokamo. Mphunzitsi wa pulayimale amene wakhalitsa pa giredi yoyambira akakatenga dipuloma ku Domasi kapena digiri ku Chirunga amatsegula giredi ina ndi sukulu ya sekondale, zaka zake zonse zili chiwerengedwere.

Kodi CV yodumphadumpha imaononga mbiri?

Zimatengera kadumphidwe kake. Amene amakhala pa intavyu amasiyanitsa. Makontirakiti atatu a chaka chimodzichimodzi omwe anatha pa nthawi yake palibe amene amadabwa nawo, ndi mmene ntchito zambiri zikuyendera masiku ano. Lembani pambali pake kuti inali kontirakiti ndipo inatha. Chomwe chimadzutsa mafunso ndi ntchito zokhazikika zingapo motsatizana, iliyonse miyezi isanu ndi itatu kapena khumi, udindo wake womwewomwewo. Wolemba ntchito amadzifunsa kuti, ndikamuphunzitsa uyu miyezi isanu ndi umodzi, ndidzadya thukuta lake liti?

Kwa ine muyeso wake ndi uwu: khalani mpaka mutamaliza chinachake choti mukhoza kuloza ndi chala. Kwa wa akaunti ndi kutseka mabuku a chaka n'kudutsa pa odita kawiri. Kwa mphunzitsi ndi kutenga kalasi mpaka mayeso a MSCE n'kuona zotsatira. Pa ntchito zambiri zimenezi zimafuna zaka ziwiri kapena zitatu. Akakufunsani chomwe munachokera, nenani chimene munkatsata, osati kuipa kwa abwana anu akale. Pa anthu asanu omwe akhala kutsogolo kwanuwo, ku Zomba kuno, n'kutheka mmodzi amapemphera nawo mpingo umodzi.

Nanga kukhalitsa kuli ndi kuipa kwake?

Kulipo, ndipo n'kobisika chifukwa sikupweteka. M'maofesi akale a kuno mumapezeka bambo wina amene amadziwa kabati iliyonse, fayilo ya 1998 ili pati, kiyi wa sitolo amasunga ndani, bwana uyu umamufikira bwanji Lolemba m'mawa. Ofesi yonse imayenda chifukwa cha iyeyo, ndipo akadwala zinthu zimaima. Koma nzeru zonsezo n'za pamalo pomwepo. Atazitulutsa pageti palibe angazigule. Tsiku lomwe mafayilo alowa mu kompyuta, kapena ofesi yasamukira ku Lilongwe, bamboyu amapezeka kuti intavyu yomaliza anachita zaka 22 zapitazo. Pa phwando lotsanzikana amapatsidwa wotchi yapakhoma ndi mawu okoma, anthu n'kumwa Fanta n'kubwerera ku madesiki awo.

Wokhalitsa wanzeru amachita zinthu zingapo. Amapempha kusinthidwa dipatimenti pakapita zaka. Amaphunzira, ndipo pa nkhani iyi a ku Zomba tilibe chowiringula, yunivesite ili pakhomo. Amafunsira ntchito kwina mwa apo ndi apo ngakhale sakufuna kuchoka, kuti angodziwa mtengo wake pamsika ndi mafunso omwe akufunsidwa masiku ano. Ndipo amapempha. Ambiri a ife tinaleredwa kuti kutchula za malipiro kwa bwana ndi mwano, koma mbewa yamanyazi inafera kuuna. Lowani ndi mndandanda wa zomwe mwachita chaka chino ndi ntchito zomwe zawonjezereka pa desiki panu, osati ndi nkhani ya mavuto a kunyumba, chifukwa mavuto aliyense ali nawo.

Ndili ndi ngongole yodulidwa ku malipiro, komanso anandiphunzitsa sukulu pa bondi. Ndingachoke?

Mungathe, koma werengani kaye zomwe munasainira. Ngongole yomwe munatenga kuntchito komweko nthawi zambiri imafunika yonse tsiku lochoka, ndipo amaidula ku ndalama zanu zomaliza, moti mukhoza kutuluka chimanjamanja. Ya kubanki kapena ku SACCO siitha poti mwasintha ntchito. Kawauzeni nokha musanachoke kuti mugwirizane kabwezedwe katsopano, makamaka ngati pali anzanu omwe anakusainirani ngati mboni. Kuwasiyira anzanu ngongole ndi njira yachidule yothetsera chibale.

Bondi ndi pangano loti mugwira zaka zakutizakuti mukabwera kusukulu, apo ayi mubweza ndalama. Funsani kuti yatsala ndi zingati, ndipo ngati okufunaniwo akukufunanidi, auzeni chiwerengerocho pokambirana za malipiro. Kuthawa bondi kumaoneka kuchenjera chaka choyamba chokha.

Andiimbira foni kuti ndapambana intavyu. Ndilembe kalata yosiya?

Musalembe. Foni si kalata. Dikirani kalata yosainidwa yotchula udindo, malipiro, tsiku loyamba, mtundu wa kontirakiti ndi kutalika kwa probation. Lamulo limalola probation mpaka miyezi 12 kwa ogwira ntchito zaluso, ndipo m'nthawi imeneyi mbali iliyonse ikhoza kuthetsa ntchito popanda notisi, severance osaperekedwa. Mukuchoka pomwe zaka zanu zikukutetezani kupita pomwe mulibe chitetezo chilichonse kwa miyezi ingapo. Musanasaine, pezani munthu amene anachokako kumeneko mumufunse zinthu ziwiri: malipiro amabwera tsiku lanji, ndipo amene anali pa mpando umenewo anachokeranji.

Pa za makontirakiti pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Ngati akukupatsani kontirakiti ya chaka chimodzichimodzi koma ntchitoyo ndi ya masiku onse pa kampanipo, yoti siingathe, lamulo limaiona ngati ntchito yokhazikika, kaya pa pepala alembapo chiyani.

Kachokedwe koyenera ndi kotani?

Ngati mumalipidwa pamwezi, notisi ya lamulo ndi mwezi umodzi, ndipo kontirakiti yanu ikhoza kutchula yotalikirapo. Mukafuna kuchoka pompopompo, mumalipira ndalama ya nthawi ya notisiyo. Kalata ikhale yaifupi: tsiku lomaliza ndi mawu othokoza, basi. Zakukhosi musalembemo, kalata imakhala mu fayilo zaka zambiri mkwiyo utatha kale. Abwana anu amve kwa inu asanamve kwa a kukhitchini.

Musanatuluke onetsetsani zinthu izi. Masiku a tchuthi omwe simunapume alipidwe. Lamulo limapereka masiku 15 pachaka kwa ogwira masiku asanu pa sabata ndi 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi. Ndalama zanu zomaliza ziyenera kuperekedwa pasanathe masiku 7. Pemphani satifiketi yosonyeza nthawi yomwe mwagwira, udindo ndi malipiro anu, chifukwa ndi ufulu wanu, ndipo chifukwa chochokera amalembamo pokhapokha inuyo mutapempha. Tengani nambala yanu ya penshoni ndi sitetimenti yomaliza. Bwezani makiyi, laputopu ndi china chilichonse, wolandirayo asaine.

Mwezi womalizawo gwirani ntchito ngati mwezi woyamba, ndipo wokulowani m'malo musiyireni zolemba zoti asavutike. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ku Zomba udzaupeza msanga kwambiri: pa mzere wa kubanki, pa maliro, kapena pogula mbatata ndi mapichesi mu msika waukulu Loweruka.

Nditapereka kalata, abwana akuti andiwonjezera malipiro kuti ndikhale. Ndivomere?

Dzifunseni chomwe chinakudzutsani. Ngati inali ndalama yokha, ndipo awonjezera mokwanira, molemba, khalani, palibe chamanyazi. Ngati chinali china, monga kusowa kokwerera kapena kusamvana ndi wokuyang'anirani, chimenecho mudzachipeza chili pomwepo Lolemba. Musagwiritsenso ntchito kalata yosiya ngati choopsezera pamene simukufuna kuchoka. Ena amangoilandira n'kukufunirani zabwino zonse.

Malipiro akuchedwa miyezi, bwana amatukwana. Ndipirire kuti zaka zanga zisapite pachabe?

Kupirira kuli ndi malire, ndipo malipiro osabwera ali kunja kwa malirewo. Kampani yomwe ikulephera kulipira mwezi uno siidzapeza mwadzidzidzi ndalama ya severance ya zaka 12. Sungani umboni: ma payslip, mauthenga a pa foni, kalata yomwe munalemba yodandaula ndi tsiku lake. Pitani kuleba, ku ofesi ya zantchito ya boma la Zomba, akayambe kukuyanjanitsani; zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court. Ngati akuchotsani ndipo mukuona kuti si mwachilungamo, lamulo limakupatsani miyezi itatu yoti mukadandaule kuleba, musagone nazo. Kumene kuli bungwe la ogwira ntchito, yambirani kumeneko.

Ponena za bwana wovuta, yang'anani ngati vuto ndi munthuyo kapena malowo. Mabwana amasinthidwa, makamaka m'boma. Koma pamene pali nkhanza, kapena bwana akufuna zachisembwere, thanzi lanu likuposa zaka zilizonse zomwe mwasonkhanitsa.

Ndili ndi zaka 52. Kodi nthawi yosintha inandipitirira?

Yolembedwa ntchito yatsopano yokhazikika yayamba kuchepa, tisanamizane. M'boma zaka zopumira ndi 60, ndipo makampani ambiri ali chapomwepo, choncho wolemba ntchito amaona zaka zisanu ndi zitatu zokha. Pa msinkhu uwu, ngati mwakhalitsa pamalo amodzi, severance yanu ndi yaikulu, ndipo ngati muli pa penshoni yakale ya boma zaka zomalizazi ndi zomwe zimalemera kwambiri. Ine ndingachoke pokhapokha akuitana ndi iwowo, pa udindo waukulu, ndi kontirakiti yomveka bwino.

Mphamvu zosinthirazo ziponyeni pokonza chimene mudzachite kalata yopumira ikadzabwera. Ngati mukukhala m'nyumba ya kuntchito, poyambira ndi pamenepo, chifukwa makiyi adzawafuna patangopita kanthawi kochepa. Pitaninso kwa a HR mukaone ngati tsiku lanu lobadwa, tsiku loyamba ntchito ndi mayina a odzalandira penshoni yanu zinalembedwa molondola mu fayilo. Tsiku limodzi lolakwika limatha kuchedwetsa ndalama miyezi yambiri, ndipo n'kosavuta kulikonzetsa mukadali ndi desiki m'nyumbamo kusiyana ndi kudzalilondola muli pa benchi ya alendo.